Phunziro la pa intaneti liyenera kukwana m'foni ya wophunzira

Masukulu a m'Zambia atatsekedwa mu March 2020 cifukwa ca mliri wa COVID-19, maphunziro ambiri anasamukira pa intaneti. Lero makoleji ndi masukulu ambiri ali ndi mawebusaiti ophunzitsira. Koma kukongola kwa webusaiti sikutanthauza kuti mwana aphunzirapo kanthu. Woikonza afunika kuyamba waganizira munthu amene adzaitsegula: foni yake, ndalama zake ndi nthawi yake.

Coyamba, tsamba likhale lopepuka. Ambiri kuno timalowa pa intaneti ndi foni, pa bundle ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Zithunzi zikuluzikulu ndi mavidiyo oyamba okha kusewera zimamaliza bundle msanga, ndipo kumene netiweki ndi yofooka tsamba lotere silitseguka n'komwe. Phunziro likhalenso loti munthu angalisunge m'foni n'kuliwerenga pambuyo pake. Kuvuta kwa malaiti mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, kunationetsa kufunika kwa zimenezi. Pulogalamu yaulere ya Kolibri inakonzedwa kuti izigwira nchito ngakhale popanda intaneti.

Caciwiri, phunziro ligawidwe m'zigawo zing'onozing'ono. Mu 2014 Philip Guo ndi anzake anafufuza mmene anthu anaonerera mavidiyo a maphunziro a edX maulendo 6.9 miliyoni. Anapeza kuti vidiyo ikapitirira mphindi 6, ambiri amayamba kuisiya isanathe. Nayenso Richard Mayer wa ku University of California, Santa Barbara, anaonetsa kuti nyimbo ndi zithunzi zongokongoletsa zimacotsa maganizo a wophunzira pa mfundo yeniyeni. Conco phunziro la ola limodzi ndi bwino kuligawa, cigawo ciliconse cikhale ndi mfundo imodzi.

Cacitatu, njira ikhale yoonekera. Wophunzira adziwe poyambira, pamene wafika ndi cimene catsala. Mabatani azipezeka pamalo amodzimodzi pa tsamba lililonse.

Cacinai, pasakhale wotsalira. Zilembo zikhale zazikulu bwino, zakuda pamalo oyera. Mavidiyo akhale ndi mau olembedwa pansi kaamba ka ogontha, ndipo cithunzi ciliconse cifotokozedwe m'mau kuti pulogalamu yowerengera akhungu icichule.

Cacisanu, wophunzira aziyankhidwa. Mafunso ocepa pamapeto pa cigawo, oonetsa pomwepo pamene walakwitsa ndi cifukwa cake, amathandiza kuposa mayeso amodzi a kumapeto kwa temu. Mapulogalamu monga Moodle, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anatulutsa mu 2002, amacita zimenezi mosavuta. Komabe makina salowa m'malo mwa mphunzitsi: pakhale munthu woyankha mafunso pa nthawi yodziwika.

Makolo, musanalipire fizi ya kosi ya pa intaneti, pemphani phunziro limodzi loyesera. Litseguleni pa foni imene mwana wanu adzagwiritsa nchito, muone bundle imene latha, ndipo mufunse kuti adzamuyankha ndani akasokonezeka.