Ogona m'galimoto, matiresi si nkhani yamasewera

Anthu ambiri akamva za kugona m'galimoto amaganiza za alendo odzaona malo, aja amabwera ndi chigalimoto chokhala ndi bedi, kabati ndi mbaula ya gasi mkati, nkukaima ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay. Magalimoto otere adayamba kutchuka ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pomwe kampani ya Westfalia idayamba kusandutsa ma Volkswagen Kombi kukhala tinyumba toyenda. Komatu nafenso Amalawi timagona m'galimoto, ndipo tidayamba kale. Kusiyana kwake nkwakuti mlendoyo amagonamo chifukwa wafuna, pomwe ife timagonamo chifukwa geni yativuta.

Ndikunena za inu amayi opikula nthochi, inu abambo oyendetsa malole, ndi inu anyamata okweza katundu amene usiku umakupezani ku Masambanjati, m'boma la Thyolo, mukudikira kuti katundu akwane. Amene adayendako msewu wochoka pa Thyolo boma kulowera ku Makwasa ndi Thekerani akudziwa zomwe ndikunena. Mukadutsa minda ya tiyi yobiriwira ija mumafika kudera la mapiri ndi zigwa, komwe kwa zaka zambiri kumachokera nthochi zodyetsa Limbe ndi Blantyre.

Tonse tikudziwa zomwe matenda a chisaka adachita. Adaoneka koyamba ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, ndipo atafika ku Thyolo adapululutsa minda ya anthu, mpaka misika yathu idayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Kwa wageni, zimenezi zidatanthauza maulendo atali kuposa kale. Katundu yemwe ankapezeka pamalo amodzi tsiku limodzi, umachita kumtolera mudzi ndi mudzi, mwinanso kukamtenga kuchipata cha dziko. Ulendo ukatalika, masiku ogona panjira amachulukanso. Nchifukwa chake lero ndati tikambirane za chinthu chomwe ambiri amachiona chachabe, chomwe ndi pogona pa munthu m'galimoto.

Wina anena kuti, "Aa, inunso! Munthu wofuna ndalama nkumasankha pogona? Thumba la chimanga silikwana?" Ine yankho langa ndi lakuti tulo ta dalaivala ndi moyo wa aliyense amene wakwera galimotoyo. M'chaka cha 1997 akatswiri awiri a ku Australia, a Drew Dawson ndi a Kathryn Reid, adapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchita zinthu mofanana ndi munthu yemwe wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 osagona amafanana ndi woledzera ndithu. Tsono taganizani dalaivala yemwe wachezera kutembenuka pazitsulo za lole, m'mawa nkumatsetsereka nayo yodzaza nthochi m'makona a ku Thyolo muli chifunga. Apolisi apamsewu angathe kumnunkhiza mowa, koma tulo alibe nato choyezera. Achipatala amati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7. Ndani mwa inu amakwanitsa maola amenewa pathumba?

Ndiye tiyeni tione mmene munthu angasankhire matiresi oyenda nawo, popanda kutaya mpamba wonse.

Choyamba, musanapite kusitolo, yezani galimoto yanu. Matiresi a m'sitolo adapangidwira bedi la m'nyumba. A munthu mmodzi amakhala pafupifupi masentimita 91 m'lifupi ndi 188 m'litali, aja timati "three quarter" amakhala 107, ndipo a anthu awiri 137. Kumbuyo kwa pikiapu kapena minibasi kuli zotumphuka za matayala zomwe zimadya malo, choncho matiresi a anthu awiri amapindika m'mbali ndipo wogonayo amagubudukira pakati. Njira yapafupi nkutenga makatoni, kuwayala pomwe mukufuna kugona, nkuwadula motsata malowo. Katoniyo ndiye muyeso wanu. Siponji imadulika bwino ndi mpeni wa buledi wa mano aja, bola muzidula pang'onopang'ono osakanikiza.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwa, musatengeke ndi kunenepa kwa matiresi. Siponji yomwe timagonera ndi ya mankhwala otchedwa polyurethane, omwe adatulukiridwa ndi a Otto Bayer ku Germany m'chaka cha 1937. Mkati mwake ndi timabowo ta mpweya tokhatokha. Wopanga angathe kuifufumitsa kwambiri ngati mandasi a yisiti wambiri, ioneke yaikulu koma mkati mulibe kanthu. Chofunika nkulemera kwake poyerekeza ndi kukula kwake, komwe m'masitolo amati "density". Nambala ikakhala yotsika, monga 16 kapena 18, siponjiyo imaphwa msanga nkusiya dzenje pomwe pamakhala chiuno. Yogonera tsiku ndi tsiku ikhale ya 28 kapena kuposera apo.

Nanga wogulitsa akakana kukuuzani nambalayo, kapena akangoti "iyi ndi high density, bwana," mudziwa bwanji? Inu ndinu anthu a sikelo. Matiresi a munthu mmodzi okhuthala masentimita 10, ngati ali a nambala 16 amalemera pafupifupi makilogalamu 2.7, koma a nambala 30 amapitirira pang'ono makilogalamu 5. Nsalu yokutira imaonjezerako pang'ono chabe. Bwerekani sikelo ya pamsika muwakoleke. Ngati palibe sikelo, anyamuleni awiri ofanana kukula, olemerawo ndiwo enieni. Kenaka agonekeni pasimenti, mugwadepo ndi bondo limodzi. Bondo likagunda pansi, asiyeni, chifukwa m'galimoto chomwe chidzakugundeni ndi chitsulo. Safunsa adadya phula, choncho musachite manyazi kugwada m'sitolo ya mwini.

Dziwaninso kuti kulemera ndi kulimba ndi zinthu ziwiri. Pali siponji yolemera koma yofewa, palinso yopepuka yomwe imaoneka yolimba ikadali yatsopano, nkudzafooka pakangotha miyezi yochepa. Munthu wogona chammbali amafuna pofewerako kuti phewa ndi chiuno zilowe pang'ono, msana ukhale woongoka. Wogona chagada kapena wathupi lalikulu amafuna polimbirako. Ndaonapo anthu akutama matiresi ouma ngati thabwa ati ndiwo mankhwala a msana. Ouma kwambiri amasiya mpata pansi pa chiuno, ndipo umadzuka dzanzi lili thoo m'mapewa.

Chachitatu nkukhuthala. M'nyumba mungathe kugula a mainchesi 8 ngati thumba likulola. M'galimoto mainchesi 4, omwe ndi masentimita 10, a siponji yolemera ndi okwanira. Okhuthala kwambiri amakukwezerani kudenga mpaka kulephera kukhala tsonga, ndiponso masana amalanda malo a katundu amene akukupatsani ndalama. Nzeru yomwe ndimaiyamikira ndi yodula siponjiyo patatu, nkupita nayo kwa telala kuti asokere nsalu yolimba yolumikiza zidutswazo, yokhala ndi zipi. Usiku mumatambasula, m'mawa mumapinda nkuika kuseri kwa mpando. Nsaluyo izitheka kuvula ndi kuchapa, poti utomoni wa nthochi ukadontha sumachoka wamba, ndipo dizilo akalowa m'siponji fungo lake mudzakhala nalo mpaka matiresiwo adzathe.

Pali mitundu ina yomwe mudzaione m'masitolo a m'tauni. Ina ndi ija amati memory foam, yomwe idayambira ku bungwe la zamlengalenga la ku America, NASA, m'zaka za m'ma 1960. Imatsata thupi bwino, koma imasunga kutentha, ndipo kukazizira imauma. Mukatsikira nayo ku Chigwa cha Shire mwezi wa October mudzasamba thukuta, mukagona nayo ku Masambanjati mwezi wa July mudzaipeza ili gwa. Ina ndi ya labala, wochokera ku utomoni wa mitengo ngati ija ya ku Vizara ku Nkhata Bay. Imeneyi imakhalitsa, koma ndi yolemera kunyamula ndiponso yodula. A masipuling'i ndiye musawaganizire nkomwe, sapindika ndipo sadulika. Kwa wageni wamba, siponji yolemera ndi yomwe ikuyenera.

Chachinayi ndi chinyontho, mdani wamkulu kudera la tiyi. Tiyi amakonda Thyolo ndi Mulanje chifukwa cha mvula ndi chinyezi, ndipo chomwe chimakondweretsa tiyi ndicho chimaoletsa matiresi. Miyezi ya June ndi July kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi chifunga komwe dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Munthu akagona amatulutsa chinyezi popuma ndi pathukuta. Chinyezicho chimadutsa m'siponji nkukafika pachitsulo chozizira, pomwe chimasanduka madzi, monga zimachitikira pabotolo la chakumwa chozizira. Masiku angapo otere, kunsi kwa matiresi kumachita madontho akuda a nkhungu, ndipo wa chifuwa cha mphumu ndiye amayamba kuvutika.

Mankhwala ake tili nawo kale pakhomo. Yalani mphasa ya bango pansi, matiresi pamwamba. Mphasa imasiya mipata yodutsa mpweya ndipo imatchinga kuzizira kwa chitsulo. Amene angathe akhome timatabwa totalikirana pang'ono. Pepala la pulasitiki ndi lokutira matiresi masana poyenda, koma usiku musaligonere, limatsekera chinyezi mkati. M'mawa uliwonse imikani matiresi chammbali apitidwe mphepo. Powayanika padzuwa musavule nsalu, chifukwa dzuwa limafumbutsa siponji ya pamtunda. Poimika galimoto sankhani posalaza, ndipo pakakhala potsetsereka mutu uloze kumtunda.

Tsopano ndifike pankhani ya moyo ndi imfa. Kukazizira, chiyeso cholowetsa mbaula m'galimoto nkutseka mawindo chimakhala chachikulu. Chonde abale anga, musayerekeze. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, koma munthu ali m'tulo samva chilichonse, amangopitirira. Chimodzimodzi kugona injini ikulira kuti mumve kutentha, utsi ungathe kulowa mkati. Paja akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Onjezerani bulangete, valani chipewa ndi sokosi, kapena thirani madzi otentha m'botolo lolimba mulikulunge m'chitenje. Windo lisiyeni lotsekula pang'ono, mpata wolowa zala ziwiri. Kandulo ndi fodya zitalikirane ndi siponji, chifukwa imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha. Pomwe pali mpata wa mpweya palinso mpata wa udzudzu, choncho neti isatsale kunyumba, makamaka mukamatsikira ku Muona ndi Makhanga.

Za matiresi ogula kwa munthu wina, ndingoti chenjerani. Nsikidzi zimabisala m'misoko ndipo zimatha miyezi osadya kanthu. Zikalowa m'mipando ya galimoto mudzapita nazo kunyumba, nkugawirako apaulendo anu. Yang'anani m'misoko ngati muli timadontho takuda musanapereke ndalama.

Nanunso ana asukulu amene mumanyamula matiresi pamutu popita kusukulu zogonera komweko kapena m'nyumba za lendi pafupi ndi koleji, malangizowa ndi anu. Makolo amathamangira otsika mtengo, teremu isanathe mwana akugona pazitsulo za bedi, chaka chamawa kugulanso ena. Kugula katatu chinthu chotchipa nkodula kuposa kugula kamodzi chenicheni. Wogona pansi m'chipinda cha lendi ayale mphasa kunsi monga ndanenera, poti simenti nayo imatulutsa chinyontho.

Mawu anga otsiriza apite kwa eni magalimoto ndi makhonsolo. Bwana amene mumagula matayala atsopano ndi kuthira oyilo panthawi yake, bwanji mukuiwala munthu wogwira chiongolero? Mtengo wa matiresi abwino sufika pamtengo wa tayala limodzi la lole, koma dalaivala akasinza pakona mumataya lole, katundu ndi anthu. Mnyamata wokweza katundu nayenso ndi mwana wa munthu, asamagone kunsi kwa galimoto ngati galu. Ndipo makhonsolo amene amadula ziphaso m'misika tsiku ndi tsiku aganizireko zomanga malo oimikapo magalimoto usiku, okhala ndi chimbudzi, madzi ndi mlonda, makamaka poganizira amayi amene amagona panjira ndi ndalama za mpamba m'chitenje. Anthuwa ndi amene amadyetsa tauni. Pomwe tikudikira zimenezo, inu ageni yambani ndi zomwe mungathe: tengani katoni mukayeze galimoto, ndipo popita kusitolo musaiwale sikelo.