Kodi a Mormon ali ndi Baibulo lawolawo? Nkhani ya mabuku anayi ndi kapu ya tiyi

Sabata yatha kwathu kunavuta chifukwa cha tiyi. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Lilongwe anabwera kudzationa kuno ku Nkhata Bay. M'mawa agogo atamuthirira tiyi, iye anakana mwaulemu, ati mpingo umene walowa sulola. Agogo, mayi wa Umanyano ku CCAP kuyambira kalekale, anangoti kukamwa yasa. "Mwana iwe, tiyi wa ku Kawalazi konkuno wasanduka tchimo liti?" Kenako anaona kabuku kabuluu m'chikwama chake. Pofika madzulo gulupu ya banja pa WhatsApp inali itayaka: ena ati walowa za satana, ena ati anthuwo anataya Baibulo n'kulemba lawo.

Safunsa anadya phula, ndiye ine ndinakhala naye pansi, kenako ndinakawerenga ndekha. Nazi zimene ndapeza.

Choyamba, awa si a Mboni za Yehova. Kuno timasokoneza chifukwa mabuku ochokera ku America tinawaonapo kale: Elliot Kamwana analalikira za Watch Tower m'boma lathu lino mu 1908, atsamunda n'kumuthamangitsa mu 1909. Awa ndi ena. Dzina lawo ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, unayamba pa 6 April 1830 ku New York ndi Joseph Smith, likulu lili ku Salt Lake City. Kuyambira 2018 akumapempha kuti tisamawatchule a Mormon, koma dzinalo linakakamira basi.

Mabuku awo opatulika ndi anayi.

Loyamba ndi Baibulo lomweli, Genesis mpaka Chivumbulutso. M'Chingerezi amagwiritsa ntchito la King James. Sanalitaye ayi. Koma pali kachiganizo kofunika: amati Baibulo ndi mawu a Mulungu pokhapokha ngati linamasuliridwa molondola. Iwo amakhulupirira kuti mfundo zina zinasowa kapena kusinthika pamene linkakopedwa pamanja kwa zaka zambirimbiri.

Lachiwiri ndi kabuku kabuluu kaja, Buku la Mormon, losindikizidwa mu 1830 ku Palmyra. Joseph Smith ananena kuti mngelo Moroni anamuonetsa mapale a golide olembedwa, iye n'kuwamasulira mwa mphamvu ya Mulungu. Limakamba za banja la Lehi limene linachoka ku Yerusalemu cha m'ma 600 Yesu asanabadwe n'kukafika ku America, komanso zoti Yesu atauka kwa akufa anakaonekera kwa anthu amenewo. Kwa iwo bukuli ndi mboni yachiwiri ya Yesu, yoima pambali pa Baibulo.

Lachitatu ndi Doctrine and Covenants, tingati Chiphunzitso ndi Mapangano. Ili si la mbiri yakale. Ndi mavumbulutso amene amati Mulungu anapereka kwa Joseph Smith ndi ena omutsatira, zigawo 138. Tiyi uja ali muno, aise. Gawo 89, la mu 1833, limaletsa mowa, fodya ndi zakumwa zotentha, ndipo atsogoleri anadzafotokoza kuti zotenthazo ndi tiyi ndi khofi. Ukafufuza m'Baibulo sulipeza lamuloli, n'chifukwa chake agogo ndi msuweni ankangolankhula mosemphana.

Lachinayi ndi Pearl of Great Price, Ngale ya Mtengo Wapatali, laling'ono pa onse. Linasonkhanitsidwa ku Liverpool mu 1851, n'kulandiridwa ngati malemba mu 1880. Muli Buku la Mose, Buku la Abrahamu, mbiri ya Joseph Smith ndi mfundo 13 za chikhulupiriro chawo.

Nanga mabukuwa amagwirizana bwanji? Apa ndiye pagona nkhani.

Iwo amati Baibulo lenilenilo linalosera za Buku la Mormon. Amaloza Ezekieli 37, pamene ndodo ya Yuda ndi ndodo ya Yosefe zikuphatikizidwa kukhala imodzi, n'kunena kuti ndodozo ndi mabuku awiriwa. Amalozanso Yohane 10:16, za nkhosa zina zosakhala za khola ili. Mipingo yathu yambiri imati ayi: ndodo ndi maufumu awiri a Israeli, nkhosa zina ndi anthu a mitundu ina monga ife. Ndipo abusa amatsegula Chivumbulutso 22:18 poletsa kuwonjezera. A Mormon amayankha kuti chenjezo ngati lomwelo lilinso pa Deuteronomo 4:2, koma mabuku ena analembedwabe pambuyo pake.

Kusiyana kwenikweni kuli apa: ku CCAP, ku Anglican, ku Katolika, mndandanda wa malemba unatsekedwa. Kwa a Mormon khomo likadali lotsegula. Pulezidenti wa mpingo wawo amamutenga ngati mneneri wamoyo, ndipo vesi ya m'Baibulo ikavuta, amaimva kudzera m'mabuku atatu enawo ndi mawu a mneneriyo. Zatsopano zimatanthauzira zakale. Pa maphunziro a Lamlungu amasinthasintha pa zaka zinayi: 2023 Chipangano Chatsopano, 2024 Buku la Mormon, 2025 Chiphunzitso ndi Mapangano, 2026 Chipangano Chakale.

Khomo lotsegula limatanthauzanso kuti zinthu zimasintha. Kumapeto kwa Chiphunzitso ndi Mapangano kuli zilengezo ziwiri. Cha 1890 chinayamba kuthetsa mitala, imene gawo 132 la buku lomwelo linalola. Cha 1978, nthawi ya Spencer W. Kimball, chinalola amuna akuda kulandira unsembe. Inde, mwawerenga bwino: kwa zaka zambiri chisanafike chaka chimenecho, munthu wakhungu ngati langa ndi lanu sakanakhala wansembe mumpingowu. Mu 2013 mpingo unatulutsa chikalata chokana ziphunzitso zakale zoti khungu lakuda ndi temberero. Okhulupirira amati umenewo ndiye ubwino wokhala ndi mneneri wamoyo. Otsutsa amafunsa kuti Mulungu anachedweranji chonchi.

Palinso funso la Buku la Abrahamu. Joseph Smith anati analimasulira kuchokera ku mipukutu ya gumbwa ya ku Egypt. Zidutswa zake zitapezeka ku New York mu 1966, akatswiri anawerenga n'kupeza kuti ndi zolemba zoika m'manda, zosatchula Abrahamu. Mpingo umavomera zimenezi, koma umati bukulo linabwerabe mwa vumbulutso.

Ndiye anzanga, wina akakupatsani kabuku kabuluu pa depoti kapena pa Facebook, musathawe ngati mwaona njoka, musalowenso m'madzi chifukwa choti alongo ndi ma elder akumwetulira bwino. Funsani mafunso atatu: mabukuwa akasemphana, mawu omaliza ndi a ndani? Za 1978 mumazifotokoza bwanji? Ndipo ndikabatizidwa, ndisiya chiyani?

Kwathu sizinathe zonse. Agogo akuti buku lawo ndi limodzi ndipo adzafa nalo. Koma tsiku lonyamuka msuweni anamuphikira kondowole ndi batala, n'kumuikira thobwa m'malo mwa tiyi. Anapemphera limodzi, aliyense ndi buku lake pamwendo.