Ulendo wa gulu ku Malawi: panganani za lamya musanaoloke

MAJAUA — Mvula ikatha, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, maulendo a magulu amayambika kuno ku Majaua. Makwaya a mipingo amapita kukacheza ndi anzawo ku Mulanje ndi ku Thyolo, amayi a geni amasonkherana galimoto kukapikula katundu ku Limbe, ndipo mabanja amanyamuka onse kukakhala nawo pa ukwati kapena pa sadaka ya m'bale wawo wa kutsidya.

Pokonzekera, atsogoleri amawerengera bwino za galimoto, kamba ndi ziphaso zoolokera. Za lamya ambiri amazikumbukira atafika kale pamsika wa Limbe, pamene mayi mmodzi wasowa m'chipiringu cha anthu, dzuwa lapendeka, dalaivala akuliza hutala, koma lamya ya mayiyo ili zii.

Chimene chimanyenga anthu a m'malire ndi chizolowezi. Mafunde a lamya sadziwa malire a maiko. M'midzi ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, netiweki ya Airtel kapena TNM ya ku Malawi imagwira munthu ali pakhonde pake m'Mozambique. Chimodzimodzinso, munthu akaoloka pa Muloza, lamya yake ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel imapitirira kugwira kwa kamtunda ndithu chifukwa ikumvabe nsanja za ku Milange. Iye amati zonse zili bwino. Koma galimoto ikangotalikira nsanjazo, lamya ija imafa, apo ayi imayamba kubwereka netiweki ya eni dziko, chimene makampani amachitcha roaming.

Kubwerekaku ndi kodula. Mtengo woimbira ndi wolowera pa intaneti umakhala wina, ndipo ma megas amene munthu anagula kwawo kawirikawiri sagwira ntchito kunja. Lamya ikasiyidwa intaneti ili yotsegula, imadya ndalama yokha ili m'thumba. Tsono chinthu choyamba pofika pachipata ndicho kutseka intaneti ya simukhadi ya kuno. Yemwe akufuna kuti nambala yake izigwirabe kunja akafunsiretu ku kampani yake za mtengo wake, pakuti safunsa anadya phula.

Akuluakulu a kuno akudziwa kuwawa kwa kusowa uthenga. Nkhondo itafika pa Milange mu 1986, anthu ambirimbiri anathawira ku Malawi, dziko lomwe linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi mpaka mtendere utabwera mu 1992. Masiku amenewo mbiri ya m'bale inkabwera ndi munthu wapansi, ndi kalata ya bungwe la Red Cross, kapena ndi wailesi ya MBC polengeza maliro. Lamya za m'manja zinayamba m'Mozambique ndi mCel mu 1997, Vodacom n'kubwera mu 2003, koma kumidzi zinafala kwenikweni Movitel itatsegula mu 2012. Lero mabanja anazolowera kumva mawu a wapaulendo tsiku lomwelo, kotero kuti lamya ikakhala chete masiku awiri, kumudzi sagona tulo.

Njira yotchipa kwa gulu ndiyo kukhala ndi masimukhadi awiri a ku Malawi, imodzi ya Airtel ina ya TNM, kuti ina ikakana inzake igwire. Imodzi isunge mtsogoleri, inayo munthu wina amene sayenda pamodzi ndi iye nthawi zonse. Kuyambira mu 2018, boma la Malawi kudzera ku bungwe la MACRA limafuna kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo mlendo amalembetsa ndi pasipoti. Simukhadi yogula pamseu, yolembedwa m'dzina la munthu wosamudziwa, ndi mlandu woyenda nawo m'thumba. Pogula, dziwaninso kuti chimene kuno timati crédito kumeneko amati mayunitsi, ndipo ma megas amawatcha bandulo.

Ambiri amaopa kuti akasintha simukhadi ataya WhatsApp yawo. Sizili choncho. WhatsApp imakhalabe pa nambala ya kwanu ngakhale mwaikamo simukhadi ina, malinga musasankhe kusintha nambala. Abale akumudzi adzakupezani pa nambala yomwe ija. Lamya imodzi yokhala ndi bandulo ikhozanso kugawirako intaneti lamya zina za m'gulumo, kungoti pakhale lamulo: mafilimu ndi nyimbo zidikire kunyumba. Uthenga wa mawu ojambula umadya zochepa poyerekeza ndi kuimba moonana nkhope, ndipo agogo osadziwa kuwerenga amaumva bwino.

Manambala nawonso amasokoneza. Nambala ya dziko la Mozambique ndi +258, ya Malawi ndi +265. Woimbira kumudzi ali ku Malawi ayambe ndi +258 kenaka nambala yonse, monga zija zoyamba ndi 84 kapena 86. Wakumudzi woimbira ku Malawi ayambe ndi +265 ndipo achotse 0 woyambirira, kotero nambala yoyamba ndi 099 imasanduka +265 99. Ndi nzeru kusunga manambala onse m'lamya mwanjira imeneyi ulendo usanayambe.

Palinso kanthu kakang'ono kamene kagonetsa magulu ambiri ndi lamya zakufa. Machaja a kuno ali ndi mano awiri obulungira, pamene masoketi a ku Malawi amalandira mano atatu a makona. Gulu ligule kolumikizira kamodzi ndi chingwe cha mabowo angapo, komanso lisadalire magetsi a kumene likupita, chifukwa nawo amazima. Pawabanki yodzaza ikhale m'chikwama cha mtsogoleri.

Pa nkhani ya ndalama, timaokala ta Airtel Money ndi Mpamba si ta M-Pesa kapena e-Mola. Munthu amene chuma chake chonse chili m'lamya akhoza kugona ndi njala ali ndi ndalama. Tapani zokwanira musananyamuke, ndipo aliyense asunge makwacha okwanira kukwerera minibasi kubwerera ku Muloza ngakhale atatsala yekha.

Amene amapitirira mpaka ku Johannesburg podzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge akumbukire kuti lamya imasintha netiweki pachipata chilichonse. Vodacom ya ku South Africa ndi ya kuno n'zofanana dzina, koma simukhadi ya kuno ikafika kumeneko imakhala mlendo basi.

Komabe lamya, ngakhale yokonzedwa bwino, ili ndi tsiku lake lokana. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa Marichi 2023, magetsi ndi lamya zinazima m'madera ambiri a Zambezia ndi kumwera kwa Malawi. Chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha, intaneti ya m'malamya inadulidwa kangapo m'Mozambique, ndipo WhatsApp ndi Facebook zinavuta kwa masiku. Amene ankadalira WhatsApp yokha anasowa pogwira. N'chifukwa chake ndi bwino kusiyako ndalama pang'ono zoimbira lamya wamba ndi kutumizira uthenga wolemba.

Choposa zonse ndi pepala ndi pangano la pakamwa. Aliyense m'gulu, makamaka ana ndi okalamba, akhale ndi kapepala kolembapo manambala a atsogoleri awiri aja, dzina la malo ogona, ndi nambala ya munthu mmodzi wa kumudzi. Munthu wa kumudziyo ndiye azilandira uthenga wa gulu madzulo aliwonse n'kuuza mabanja onse, ndipo zikagwa zovuta kumudzi, iye yemweyo ndiye aimbire mtsogoleri. Pofika pamalo aliwonse, gulu lisankhe poonekera, kaya pachipata cha tchalitchi kaya pa siteji ya minibasi, ndi kutchula ola lokumanirana. Wotaya pasipoti adziwe kuti ku Blantyre kuli ofesi ya kazembe wa Mozambique.

Akale anati kuyenda awiri si mantha, n'kudziwana. Gulu lonyamuka ku Majaua anthu makumi atatu liyenera kubwerera makumi atatu omwewo, ndipo zimenezi zimakonzedwa pabwalo la kumudzi, dzulo lake la ulendo, galimoto isanalize injini.