Nkhani yabwino, koma owerenga kulibe

Kukhala ndi tsamba pa makina a intaneti si chinthu chapatali masiku ano. Sukulu zapulayiveti, mipingo, malo ogona alendo ngakhalenso ena ogulitsa zipangizo zaulimi m'matauni ang'onoang'ono akumalipira anyamata odziwa kompyuta kuti awakonzere tsamba lawo.

Ambiri amayamba ndi chiyembekezo chakuti akangolemba nkhani zomveka bwino, Google iziwatumizira owerenga yokha. Koma pakatha miyezi itatu, mwini tsamba amapeza kuti amene atsegula nkhani zake ndi iye mwini, mlamu wake ndi mnyamata adakonza tsamba uja. Ndalama yokonzetsera tsamba yapita, ya bandulo nayo yapita.

Izi sizikuchitika kwa ochepa. Kampani ya Ahrefs ya ku Singapore, yomwe imatsata momwe anthu amafikira pamasamba a intaneti, mu 2023 idaunika masamba pafupifupi 14 biliyoni. Idapeza kuti masamba oposa 96 pa 100 alionse salandira mlendo ndi mmodzi yemwe wochokera ku Google. Chiwerengerochi n'chongoyerekeza cha kampaniyo, osati cha Google, komabe chikupereka chithunzi chokwanira: tsamba lopanda alendo ndiye lofala, lokhala ndi alendo ndiye lachilendo.

Kampaniyo idatchula zifukwa zitatu. China ndi chakuti palibe amene akufufuza za mutu umene walembedwawo. China n'chakuti palibe tsamba lina limene likulozera anthu kunkhaniyo, ndipo chomaliza n'chakuti nkhaniyo siikuyankha chimene wofufuzayo akufuna.

Chifukwa choyambacho ndi chimene chimagwetsa alembi ambiri aluso. Google si nyuzipepala imene munthu amaitsegula n'kumawerenga zilizonse wapezamo. Munthu amapitako ali kale ndi funso, n'kulemba mawu awiri kapena atatu m'kabokosi kofufuzira kaja. Mawu amenewa akatswiri amawatcha ma keyword, ndipo makina amafunafuna masamba ogwirizana nawo.

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaulimi walemba nkhani yofotokoza kasungidwe ka chimanga, n'kuipatsa mutu woti "Mdani wa m'nkhokwe wabweranso". M'nyuzipepala mutu umenewu ndi wokoma ndipo ungamuimitse munthu. Koma mayi wa ku Ntcheu amene waona ufa ukutuluka m'thumba la chimanga chake sangalembe mawu otere palamya yake. Iye alemba kuti "mankhwala a anankafumbwe", "mtengo wa Actellic" kapena "matumba a PICS". Ngati mawu amenewa mulibe m'mutu ngakhale m'ndime zoyamba, mwayi woti mayiyo akumane ndi nkhani ya mlangizi uja ndi wochepa, ngakhale yankho lake lili momwemo.

Apa ndi pamene chizolowezi cha kalembedwe kathu chimatipweteka. Mlembi wa Chichewa amakonda kuyamba ndi mwambi, kuzungulira pang'ono, kenaka n'kufika pamfundo m'ndime yachinayi. Pamaliro kapena pachinkhoswe umenewo ndi ulemu. Pa Google ndi chimodzimodzi kutsegula okala kuseri kwa msika popanda chikwangwani.

Nkhani ya masamba olozera nayo ili ndi mbiri yake. Larry Page ndi Sergey Brin atayambitsa Google mu 1998, nzeru yawo yaikulu idali yowerengera masamba ena amene akulozera kutsamba lililonse, ngati mmene anthu amakhulupirira wamalonda amene anzake ambiri akumuchitira umboni. Njirayo idatchedwa PageRank. Kuchokera nthawi imeneyo zambiri zasintha, koma tsamba latsopano limene palibe akulitchula limayambabe lili kumbuyo kwa mzere.

Ndipo mzerewo suyenda msanga. Mu 2017 Ahrefs idatsata masamba 2 miliyoni ndipo idapeza kuti osakwana 6 pa 100 alionse ndiwo adafika m'gulu la mayankho khumi oyamba chaka chisanathe. Masamba amene adali pa nambala wani, pongoyerekeza, adali atakhala pafupifupi zaka zitatu. Chaka chomwecho Maile Ohye, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Google, adauza eni mabizinesi kuti ngakhale atalemba ntchito katswiri, zimatenga miyezi inayi mpaka chaka kuti phindu liyambe kuoneka. Ngati wolipira katswiri akudikira chotero, wolemba mongotsata mtima asadabwe chaka chikatha kuli zii.

Kodi ndiye kuti mankhwala ake n'kuthira mawu ofufuzirawo paliponse? Ambiri adayesa kale. M'zaka za m'ma 2000 kudali masamba obwereza liwu limodzi kambirimbiri, ena mpaka kubisa mawu m'malo amene owerenga saona. Mu 2009 Google idalengeza kuti siigwiritsa ntchito mndandanda wa ma keyword umene eni masamba ankaika kuseri kwa tsamba. Mu 2011 idasintha makina ake ndi njira yotchedwa Panda, ndipo masamba amene ankatulutsa nkhani zambirimbiri zosazama pongofuna kukola ofufuza, monga eHow ya ku America, adataya alendo ochuluka. Mpaka lero kubwereza mawu mopanda tanthauzo kuli m'gulu la chinyengo chimene Google imalanga.

Palinso chimene chingamulimbitse mtima mlembi wosalabadira ma keyword. Google yakhala ikunena kuti mafunso 15 pa 100 alionse amene imalandira patsiku amakhala oti sidawaonepo. Palibe katswiri angawakonzekere mafunso amenewo. Nkhani yolembedwa ndi munthu wodziwadi ntchito yake, yotchula zinthu ndi mayina ake enieni, imatha kukola funso limodzi apa, lina apo. Kuyambira mu 2019, pamene Google idayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa BERT, makinawo amayesanso kumva tanthauzo la chiganizo chonse m'malo mongofananiza mawu.

Komabe alendo obwera mwanjira imeneyi amabwera modontha. Akhoza kukhala asanu mwezi uno, mwezi wamawa khumi, mwezi winawo osaoneka. Amene ali ndi nkhani zambiri zotere amatha kutolera kenakake pakapita zaka, koma wankhani zisanu ndi ziwiri asawerengere zimenezi pokonza bajeti ya shopu.

Kwa wolemba m'Chichewa nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mpikisano ndi wochepa kwambiri. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni pamene ya Chichewa ili ndi zongopitirira pang'ono 1,000, ndipo Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu December 2014. Choncho amene walemba momveka za matenda a chitopa m'Chichewa alibe anzake ambiri olimbirana nawo malo oyamba.

Vuto ndi lakuti ofufuza m'Chichewa nawo ndi ochepa. Amalawi ambiri akagwira lamya amalemba funso m'Chingerezi kapena kusakaniza zilankhulo ziwirizi. Kholo lofuna zotsatira za mayeso a mwana wake limalemba "MANEB results", osati "zotsatira za mayeso". Kalembedwe ka mawu nakonso sikafanana: wina alemba "mawu" wina "mau", wa ku Lilongwe alemba "ntchito" pamene wa ku Chipata alemba "nchito". Popeza makinawa amaphunzira chilankhulo kuchokera ku zolembedwa zimene zilipo kale, n'zovuta kuyembekezera kuti azimva Chichewa mozama ngati mmene amamvera Chingerezi. Kukhala nambala wani pafunso limene amafunsa anthu atatu pamwezi sikungagulitse thumba la feteleza.

Pamwamba pa zonsezi pabweranso china. Mu May 2024 Google idayamba kuika yankho lolembedwa ndi makina pamwamba pa zotsatira zina, kuyambira ku America. Bungwe la Pew Research Center litaunika kafufuzidwe ka anthu a m'dzikolo mu 2025, lidapeza kuti pamene yankho lotereli laoneka, anthu adatsegula tsamba lina maulendo 8 okha pa 100, poyerekeza ndi 15 pamene palibe. Ngakhale masamba otchuka akudandaula.

N'chifukwa chake mwini tsamba ayenera kuchenjera ndi aliyense womuuza kuti akamulipira amuika pa nambala wani sabata ino. Google yeniyeniyo imachenjeza kuti palibe amene angalonjeze malo amenewo.

Chimene chilipo chaulere ndi Google Search Console, chida chimene mwini tsamba aliyense angalembetse. Chimaonetsa mawu amene anthu adalemba pamene nkhani yake idatulukira pazotsatira, malo amene idali, komanso kuchuluka kwa amene adaitsegula. Mlangizi uja atapeza kuti nkhani yake ikutulukira pa nambala 40 anthu akalemba "anankafumbwe", sakufunika kuilembanso yonse. Akhoza kungosintha mutu kuti ukhale "Kuteteza chimanga kwa anankafumbwe", n'kukweza yankho kufika m'ndime yoyamba, mwambi uja n'kuutsitsira pansi. Podikira kuti Google ione kusinthako, owerenga ake oyamba adzachokerabe m'magulu a WhatsApp a alimi ndi pa Facebook, kumene iye mwini ayenera kuitumiza.