Beira: Doko Limene Limatsekulira Malaŵi Njira ya ku Nyanja

Lero tikambirane za mzinda wa Beira ndi dera louzungulira. Ambiri mwa ife sitinafikeko, komabe mlimi wa ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu, akamasenza thumba la feteleza kapena akamagulitsa nandolo wake, nthaŵi zambiri amakhala akugwira katundu amene wadutsa kapena adzadutsa pa doko limeneli. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho zimene timagula ndi kugulitsa kutsidya kwa nyanja zimadzera m'madoko a anansi athu: Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania, ndi Durban ku South Africa.

Beira ndi likulu la chigawo cha Sofala, pakati pa dziko la Mozambique. Mzindawu uli pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yaikulu ya India, ndipo chakumwera pang'ono mtsinje wa Buzi nawo umathira pomwepo. Kalembera wa chaka cha 2017 anapeza kuti mumzindamo muli anthu oposa 500,000. Chiyankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, koma m'misika mumamveka kwambiri Chisena ndi Chindau. Munthu wochokera ku Nsanje kapena ku Chikwawa akafika kumeneko savutika kufunsa njira, pakuti Asena a uko ndi a kuno ndi mtundu umodzi, malire okha ndiwo anawalekanitsa.

Mzinda sukhala wokha ngati chulu cha pakati pa dambo. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Beira pali tauni ya Dondo, kumene kuli fakitale ya simenti. Pamenepa ndi pamene njanji imagaŵikana: nthambi ina imaloza kumadzulo ku Zimbabwe, ina kumpoto ku mtsinje wa Zambezi. Patsogolo pake pali Mafambisse, kumene kuli minda ya nzimbe. Kutsidya kwa madzi kuli boma la Buzi, dera lathyathyathya lolimidwa mpunga. M'mbali mwa nyanja asodzi amagwira nsomba ndi nkhanu, ndipo mkati mwa chigawochi muli nkhalango yotchuka yosungirako nyama ya Gorongosa. Madera onseŵa amadyetsa mzindawo, ndipo mzindawo umawapatsa msika ndi ntchito.

Kalekale, Beira asanakhalepo, doko lotchuka la gombe limeneli linali Sofala, chakumwera. Aluya ndi Aswahili ankagulako golide ndi minyanga yochokera kumtunda, ndipo Apwitikizi anamangako linga m'chaka cha 1505. M'kupita kwa zaka Sofala anazilala. M'chaka cha 1887 Apwitikizi anakhazikitsa msasa wa asilikali pa mathiriro a Pungwe, ndipo malowo anatchedwa Beira polemekeza mwana wa mfumu, Luís Filipe, amene anabadwa chaka chomwecho ndipo anali ndi udindo wa Kalonga wa Beira. Iye anadzachezako m'chaka cha 1907, chaka chimene malowo anakwezedwa kukhala mzinda. Kufikira chaka cha 1942 dera lonselo linkalamulidwa ndi kampani yotchedwa Companhia de Moçambique, imene inkakhometsa msonkho ndi kugwiritsa anthu ntchito yokakamiza. Tikamayamikira njanji ndi doko, tizikumbukira kuti zinamangidwa ndi thukuta la anthu akuda, ambiri mwa iwo osafuna.

Chimene chinakulitsa Beira ndi njanji. Yopita ku Zimbabwe inafika ku Mutare m'chaka cha 1898. Kuno kwathu, katundu poyamba ankayenda pa madzi, kuchokera pa doko la Chinde kukwera Zambezi ndi Shire, koma madzi akaphwa sitima zinkatitimira mumchenga. Njanji yochokera kuchigwa cha Shire, yodutsa ku Luchenza ndi ku Mikolongwe, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. M'chaka cha 1922 njanji ina inachoka ku Dondo kufika m'mbali mwa Zambezi, koma anthu ndi katundu ankawolokabe mtsinjewo pa bwato. Vutoli linatha m'chaka cha 1935 pamene unatsekulidwa mlatho wa Dona Ana, wautali makilomita oposa atatu ndi theka, wolumikiza Sena ndi Mutarara. Kuyambira pamenepo tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, fodya, thonje ndi mtedza zinkayenda pa sitima kuchokera ku Limbe mpaka pa doko. M'chaka cha 1970 tinapeza njira yachiŵiri pamene njanji ya ku Nacala inalumikizidwa kudzera ku Nayuchi.

Ubwino wa njira zimenezi tinaudziŵa bwino zitatsekeka. Dziko la Mozambique litalandira ufulu m'chaka cha 1975, kunabuka nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. M'zaka za m'ma 1980 njanji ya ku Beira inaleka kugwira ntchito, mlatho wa Dona Ana unawonongedwa, ndipo njira ya ku Nacala nayo inasokonezeka. Katundu wathu anayamba kuyenda ulendo wautali wa ku Durban, ndipo mtengo wa ulendowo unagwera wogula ndi mlimi. Nthaŵi yomweyo dziko lathu linalandira othaŵa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Nkhondoyo inatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome m'chaka cha 1992. Anzathu anakonzanso njanji yawo, kotero kuti m'chaka cha 2011 malasha a ku Moatize anayamba kutumizidwa kunja kudzera ku Beira. Koma mbali yathu inali itaduka ku Chiromo ndi madzi osefukira a chaka cha 1997. Ndicho chifukwa chake katundu wambiri wochokera ku Beira, monga mafuta a galimoto ndi feteleza, wakhala akubwera pa malole, kudzera ku Chimoio, ku Tete ndi pa chipata cha Mwanza. Lole imanyamula pang'ono poyerekeza ndi sitima, ndipo kusiyanako kumaonekera pa mtengo wa thumba limene mlimi amagula.

Doko lenilenilo lili ndi mavuto ake. Mitsinje iŵiri ija imakokolola matope ndi mchenga n'kuzitaya pa njira ya sitima, choncho njirayo iyenera kukumbidwa kaŵirikaŵiri. Nyanja imadzala ndi kuphwa kaŵiri pa tsiku, ndipo ku Beira kusiyana kwake kumatha kuposa mamita 6. Sitima zikuluzikulu zimadikira madzi adzale kuti ziloŵe kapena kutuluka. Zikachedwa pa doko, feteleza amachedwanso kuno, pamene mvula siidikira munthu.

Vuto lalikulu koposa ndi lakuti mzindawu unamangidwa pa malo otsika, achithaphwi, ena ofanana ndi msinkhu wa nyanja. Usiku wa pa 14 March 2019 namondwe wotchedwa Idai anaomba Beira ndi mphepo yoopsa. Madenga anasasuka, magetsi anazima, msewu waukulu unaduka, ndipo mtsinje wa Buzi unasefukira kotero kuti anthu anakhala m'mitengo ndi pamadenga masiku angapo. Ku Mozambique kokha kunafa anthu oposa 600, ndipo pambuyo pake kunabuka kolera. Mvula ya namondwe yemweyo inali itayamba yagwetsa nyumba kuno kuchigawo cha kumwera masiku angapo m'mbuyo mwake. Akuluakulu a mzindawo, motsogozedwa ndi meya Daviz Simango amene anamwalira m'chaka cha 2021, anali atayamba kale kukonza ngalande ndi kutsekula kamtsinje ka Chiveve kuti madzi a mvula azitsikira ku nyanja, ndipo ntchitoyo inathandiza madzi kuphwa msanga m'mbali zina za mzindawo.

Omvera athu, tikamva pa wailesi kuti kunyanja kukuchokera namondwe wolunjika ku Beira, kapena kuti msewu wa ku Tete watsekeka, nkhaniyo ndi yathu yomwe. Pakangopita masiku ochepa imafika pa malo omwetsera mafuta ku Limbe, pa mtengo wa minibasi yopita ku Chiradzulu, ndi pa sikelo ya wogula nandolo. Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, maŵa adzazima zako. Mtendere wa anansi athu ndi kukonzeka kwa njanji ya kuchigwa cha Shire ndi zinthu zoyenera kuti mlimi aliyense azizitsatira ndi kuzifunsa kwa atsogoleri ake.