Ozula Bowa a ku Phiri la Zomba

Mvula ikagwa m'miyezi ya December ndi January, akazi a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Zomba alawira m'mamawa ndi madengu awo, napita kukazula bowa. Sapita mmodzimmodzi ayi, koma m'magulu, amayi pamodzi ndi ana awo. Ndipo poyenda m'thengo akulu aphunzitsa ang'ono maina a bowa ndi malo ake omera. Bowa wina adyera nsima tsiku lomwelo, wina ayanika padzuwa kuti akhale ndiwo ya m'chilimwe, wina apita naye kumsika wa ku Zomba.

Chimene chioneka pamwamba pa nthaka chili ngati chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa lili pansi, ndilo timaulusi toyera tating'onoting'ono. Timaulusi ta bowa wofiirira uja wotchedwa manyame tikulunga mizu ya msuku ndi mombo. Tipatsa mtengo madzi ndi zokolera za m'nthaka, ndipo mtengo utibwezera chakudya chopangidwa m'masamba ake. Koma utale umera pachulu, pakuti chiswe chiulima m'nyumba mwake monga munthu alima munda. Chifukwa chake mitengo ikatha ndi nkhwangwa za otentha makala, manyame athanso, ndipo dengu libwera kumudzi lopanda kanthu.

Nzeru za akazi amenewa n'zazikulu ndithu. M'zaka za 1979 ndi 1980 munthu wophunzira wa ku England, dzina lake Brian Morris, anakhala m'dera la Zomba nafunsa akazi za bowa. Zimene anaphunzira anazilemba m'buku lotchedwa Common Mushrooms of Malawi, limene linatuluka mu 1987. Iye anaona kuti anthu a kuno atcha bowa wodyedwa yekha dzina la bowa; wosadyedwa angoti chirombo.

Kusiyanitsa ziwirizi ndiyo nzeru yoposa zonse, pakuti chirombo china chifanana ndi bowa wabwino, koma chili ndi ululu wakupha. Ululu wotere sutha ndi moto, ngakhale mphika uwire nthawi yaitali. Ndiponso suwawa msanga: munthu adya madzulo, nagona bwino, ndipo m'mawa mwake ayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Wodwala wotere anyamulidwe msanga kunka naye kuchipatala, pamodzi ndi onse amene anadya naye mbale imodzi.

Tsono mwana wanzeru saponya mumphika bowa amene sam'dziwa dzina. Ayamba wam'onetsa kwa amake kapena kwa agogo ake. Ndipo iwo akakayika, am'taya kutali kumene ana aang'ono sangafike. Sadulanso msuku wokhala pamalo pomera manyame, kuti chaka cha mawa akapezenso ndiwo pomwepo. Akale anati, mawu a akuluakulu akoma akagonera.