Nkhodolero: kachizindikiro kakang'ono kosenza tanthauzo lalikulu m'Chingerezi

Mtsikana amene wakhoza bwino mayeso a Fomu 4 angathe kulemba kuti "she does not work on Sunday" popanda cholakwika chilichonse. Koma tsiku loyesedwa ntchito ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, bwana akanena mofulumira kuti "she doesn't", mtsikanayo amangoti kakasi. Chomusokoneza si mawu achilendo ayi, koma mawu omwe amawadziwa kale, kungoti afupikitsidwa.

Vutoli si laling'ono. M'Malawi wophunzira salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ndipo lamulo la zamaphunziro la 2013 lidakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza, motero ana amachiona Chingerezi pabolodi kuposa kuchimva chikulankhulidwa. Chotsatira chake n'chakuti khutu limatsalira m'mbuyo pamene dzanja lapita patsogolo.

Komatu kufupikitsa mawu si chinthu chachilendo kwa wolankhula Chichewa. "Mu nyumba" amasanduka "m'nyumba", ndipo "ndi chiyani" amasanduka "n'chiyani". Nkhodolero imaima pamalo a lembo lomwe lachotsedwa. Chingerezi nacho chimatero: "I am" amakhala "I'm", "we are" amakhala "we're", ndipo "she is" amakhala "she's".

Pofotokoza zochitika kawirikawiri, zimene Chichewa chimaonetsa ndi "-ma-" monga m'mawu akuti "ndimalima", Chingerezi chimakana pogwiritsa ntchito "do not" kapena "does not". Pofupikitsa, lembo la "o" la mu "not" limagwa, n'kutsala "don't" ndi "doesn't". Wolankhula za iye mwini, za munthu amene akulankhula naye kapena za anthu ambiri amati "don't". Wonena za munthu wina mmodzi kapena chinthu chimodzi amati "doesn't".

Ambiri amaterereka pa lembo la "s". Povomera, mneni amalitenga: "he works". Pokana, lembolo limasamukira ku "does", choncho cholondola ndi "he doesn't work", osati "he doesn't works". Cholakwika china ndi kusokoneza "it's", kutanthauza "it is", ndi "its" wosonyeza umwini, amene alibe nkhodolero. Komanso poyankha movomera mawu safupikitsidwa: wofunsidwa kuti "Are you ready?" amayankha kuti "Yes, I am", osati "Yes, I'm". Pokana m'pamene angathe kunena kuti "No, I'm not".

Kufunika kwa zimenezi kumaonekera kunja kwa kalasi. Kusiyana kwa "does" ndi "doesn't" ndi kaliwu kamodzi kakumapeto, koma n'komwe kamasandutsa inde kukhala ayi. Munthu wogwira ntchito kuchilendo amene namwino wamuuza kuti "this medicine doesn't go with alcohol", akapanda kukamva kaliwuko, amachoka ndi uphungu wotembenuzika.

Kudziwa kufupikitsa kumayenderanso limodzi ndi kudziwa malo ake. M'macheza, pafoni ndi m'makalata opita kwa abale, mawu ofupikitsidwa ndiwo amamveka achibadwa, ndipo wonena "I do not know" motsindika angaoneke ngati wakwiya. Koma m'kalata yofunsira ntchito, m'lipoti la bungwe kapena m'chimangirizo cha mayeso, n'kwanzeru kulemba mawu onse mokwanira.

Mphunzitsi safunika zipangizo zodula kuti aphunzitse zimenezi. Angathe kulemba "mu munda" ndi "m'munda" mbali imodzi ya bolodi, "do not" ndi "don't" mbali inayo, n'kuwafunsa ana kuti apeze lembo lomwe lasowa. Kenaka ana afunsane awiriawiri za moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, wina akati "Do you cook?" mnzake n'kuyankha kuti "No, I don't". Mapulogalamu a Chingerezi a pawailesi nawonso amazoloweretsa khutu.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mwambi womwewu muli nkhodolero, ndipo mwana aliyense amaumva osapunthwa. Akaonetsedwa kuti Chingerezi chimayenda njira yomweyo, "doesn't" sadzamuchititsanso kakasi pamaso pa bwana kapena namwino.